Buledi Amene Bambo Ankataya

Lamlungu masana pikapu inalowa pageti ndi phokoso loti agalu a nyumba zitatu anayamba kuuwa, koma woyendetsa anatsika nkhope itakwinyika. Anamenyetsa chitseko, chitsekocho n'kutsegukanso chokha monga mwa chizolowezi chake.

"Sikisite!" anakuwa. "Miyezi isanu ndi iwiri ndikugona kunsi kwa galimoto, ndiye liwiro lithere pa sikisite? Wanjinga yamoto wandipitirira pachitunda, kumbuyo atanyamula mbuzi!"

Munthuyu anzake ankamutcha Liwiro. Ntchito yake inali yosakaniza penti m'sitolo ya zomangira nyumba, koma mtima wake wonse unali pa pikapu yakale ya bambo ake. Anaiika kabuleta yaikulu, anakapalitsa mutu wa injini, anadula ekizozi n'kuikapo paipi yonenepa ngati mkono, kumbuyo matayala otambalala. Anaipenta yofiira, ndi mzere woyera kuchokera pamphuno mpaka kumchira. Zonsezi chifukwa cha pakamwa pa mkulu wina wa kuntchito, wotchedwa Watayi, amene tsiku lina anaitchula pikapuyo khola la nkhuku anthu onse akumva. Anapangana kuti Loweruka likubwerali adzapikisana: kukwera chitunda cha ku mgodi wa miyala, kutembenuka pamwamba, kutsika, woyamba kufika pamlatho ndiye mwamuna. Panalibe china choikapo, koma mwamuna akasekedwa pagulu amadwala kuposa wa malungo.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anatuluka m'chisakasa cha pafupi ndi geti, magalasi akuda ali pamphumi. Anali wowotcherera zitseko ndi mawindo, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Paipi yonenepa ija anawotcherera ndi iyeyo.

"Bwanji alamu, yakana kuuluka? Mwina nkhuku zina zatsalira m'kati," anatero akuseka.

Liwiro sanaseke. Anatukula boneti, n'kuyamba kutsata chingwe cha moto kuchokera popondera mpaka pa kabuleta. Pomwepo dzanja lake linaima. Pa kachitsulo kotsegula mafuta panali waya, womangidwa bwinobwino, wopotedwa mwaukhondo, woti ngakhale munthu aponde mpaka phazi kuboola pansi, kachitsuloko kankathera pakati.

"Uyu waya wafika bwanji apa?"

"Waya?" Mlamu anasuzumira, kenako anayang'ana kumbali. "Kaya. Galimoto zakale zili ndi mawaya ambiri."

Pakhonde, pampando wansalu, bambo ake a Liwiro anagogoda ndodo pansi. Mkuluyu anakhala makaniko zaka makumi anayi, ndipo pikapuyo anaigula asanamere imvi. Chaka chapitacho sitiroko inawapha dzanja lamanja, mwendo wakumanja n'kumachita kukokedwa, ndipo pakamwa panatsala mawu ochepa, odukaduka. Dokotala anati azipuma. Liwiro anawonjezera lamulo lake: akadzawapeza pafupi ndi galimoto, adzayamba kuwatsekera kuchipinda popita kuntchito.

"Bule… bule…" anatero mkuluyo, ndodo ikugogoda.

"Apongozi akufunanso buledi," anatero mkazi wa Liwiro, telala wa masiketi a sukulu, akutuluka ndi mbale. Anaika zidutswa ziwiri pakatebulo. Mkuluyo anaziyang'ana, n'kuzikankha ndi ndodo mpaka pansi. Nkhuku zinathamangira.

"Koma abale! Sabata yonseyi ndi zomwezi. Apempha okha, ataya okha. Kapena mwatopa naye wa sitolo iyi, ndikagule wa kwina?"

"Asiyeni, mayi, ukalamba ndi ubwana," anatero Liwiro osacheuka n'komwe. Maso ake anali pa waya uja.

Lolemba m'mawa anaudula, n'kupita kuntchito wapansi, chifukwa mafuta ankawasungira Loweruka. Pobwerera madzulo, asanavule n'komwe ovolosi, anatukula boneti. Waya anali pomwe paja, watsopano, wonyezimira. Lachiwiri anaudulanso, madzulo anaupezanso. Mtima unayamba kumuuza zinthu. Masana pakhomopo pankatsala anthu awiri okha, popeza mkazi wake ankakhala ku kashopu kake kosokera: nkhalamba yosatha kumanga batani la malaya, ndi mwamuna wamphamvu zake, wokhala ndi pulayazi ndi mulu wa mawaya m'chisakasa.

Lachitatu kuntchito, Watayi anadutsa pamakina osakanizira penti akukonza tayi yake.

"Khola lija likupeza bwanji? Mukapereke moni kwa alamu anu. Mnyamata uja ali ndi manja abwino, geti anandipangira mwezi watha silikulira n'komwe."

Liwiro anathira mtundu wobiriwira m'chitini chofunika wachikasu, mpaka kasitomala anachita kumugwira mkono. Geti la Watayi! Kodi kumeneko ankangowotcherera geti lokha? Anakumbukira kuti tsiku limenelo mlamu anabwera ndi nsapato zatsopano. Anakumbukiranso kuti Lamlungu atamufunsa za waya, mlamuyo anayang'ana kumbali. Munthu ukayamba kukayikira mnzako, ngakhale kutsokomola kwake kumamveka ngati chizindikiro.

Madzulo amenewo sanaudule waya. Anauyang'anitsitsa pa kuwala kwa dzuwa lopendeka, ndipo anaona chimene ankafuna kuona. Wayayo anali wopotedwa chakumanzere. Munthu wogwiritsa dzanja lamanja akamapota waya amapotera kumanja, ngati akumanga bawuti. Uyu anapotedwa mobwerera. Ndipo aliyense pakhomopo ankadziwa dzanja limene mlamu ankagwirira sipuni.

"Alamu! Tabwerani kuno."

Mlamu anabwera akupukuta manja. Mkazi wa Liwiro anali atangofika kumene, thumba la nsalu lidakali paphewa. Geti linali lotsegula, ndipo anthu obwerera kuntchito ankadutsa mumsewu.

"Pakhomo pano wamanzere ndani?"

"Ndine. Kodi zakhala mlandu?"

"Wakupatsani chiyani Watayi? Nsapato zokha, kapena pali zina zikubwera Loweruka?"

Mlamu anasiya kupukuta manja. "Alamu, waya ameneyu sindinamange ine."

"Ndiye wamanga ndani? Nkhuku?"

Mlamu anatsegula pakamwa. Maso ake anathamangira pakhonde, n'kubwerera pansi.

"Mwaona, mayi? Mwaona? Pofuka utsi pali moto. Ndakhala ndikuweta njoka kuseri kwa nyumba yanga, ikudya m'mbale mwanga!" Liwiro analankhula mokweza dala, ndipo anthu angapo anaima pageti. "Njoka! Mawa dzuwa likamatuluka ndisakupezeni pano, inuyo ndi makina anu."

"Bambo, mwapenga kodi?" mkaziyo anaponya thumba pansi. "Achimwene anga muwathamangitse chifukwa cha kawaya? Amene anakuwotchererani chipaipi chosokosachi mpaka maso kutupa ndani? Achimwene, tanenani, ngati mukudziwa kanthu!"

"Mlongo wanga, zisiye," anatero mlamu motsitsa. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Mwamva? Akuvomera yekha kuti ndi khoswe!"

Pakhonde ndodo inagogoda mwamphamvu, kawiri, katatu. "Bule! Bule!" Nkhope ya mkuluyo inali itafiira, mbali imodzi ya pakamwa ikunjenjemera.

"Apatseni buledi wawoyo atisiye tilankhule!" anakalipa Liwiro.

M'mawa wa Lachinayi mlamu anakweza makina ake owotcherera pa wilibala, chikwama pamwamba, n'kupita kwa mnzake wina wokhala ndi chisakasa kumsika wa zitsulo. Potuluka anagwada pakhonde kutsanzika mkuluyo. Mkuluyo anamugwira malaya ndi dzanja lamanzere osafuna kusiya, mpaka mlamu anachita kumasula zala chimodzichimodzi. Mkazi wa Liwiro sanalire. Anaika tiyi patebulo n'kunena mawu amodzi okha:

"Likafika Loweruka achimwene asanabwerere, pobwera kumpikisano wanuwo mudzapeza makina anga osokera apita, ine ndi iwo. Mudzakwatire pikapuyo, poti ndi yofiira kale."

Madzulo a tsikulo Liwiro anatukula boneti. Pomwe anadula waya m'mawa wake, panalibe wina. Anawomba m'manja yekhayekha. Anaitulutsa pikapu kukaiyesa pamsewu wosalala wa kuseri kwa mafakitale, ndipo muvi unakwera, kudutsa sikisite, kudutsa handiredi, mphepo ikulira m'mawindo. Poima anachita kuponda kawiri kuti igwire, koma anati galimoto zakale zimatero. Anafika kunyumba chifuwa chili patsogolo.

"Njoka yachoka, waya wachoka. Mukufunanso umboni wina, mayi?"

Mkaziyo anangopitiriza kupinda siketi. Mkulu pakhonde anali atatembenuzira nkhope kukhoma, buledi ali pansi.

Lachisanu Liwiro anapempha kuweruka masana kuti akatsuke mapulagi ndi kupopa matayala. Panjira anadzera kushopu kwa mkazi wake kukatenga kiyi wa geti, ndipo mkaziyo anati apite naye limodzi, akayambe kulongedza. Anayenda motsogozana.

Atatsegula geti, chimene anayamba kuona ndi mpando wa pakhonde. Unali wopanda munthu. Ndodo inali pansi, pakati pa bwalo. Pafumbi panali mkukuluzi wa chinthu chokokedwa, kuchokera pamasitepe mpaka pa boneti, pomwe panali zidindo zambiri za dzanja limodzi pa penti yofiira, kenako kuzungulira mpaka ku tayala lakumbuyo. Kunsi kwa pikapu kunatulukira miyendo iwiri, umodzi wopanda nsapato.

"Mayo ine! Apongozi!"

"Bambo! Bambo!" Liwiro anadzigwetsa pansi, n'kukwawira kunsi. Anaganiza kuti wapeza maliro.

Mkuluyo anali chagada, maso ali tong'o, akupuma mwabefu. M'thumba la malaya munatulukira pulayazi yawo yakale ya zogwirira zakuda, ndi kampukutu ka waya wonyezimira. Liwiro anauyang'ana wayayo, anayang'ana dzanja lamanja logona pachifuwa ngati nsanza, kenako lamanzere, lokhalo lotsala.

"Bambo… ndinu?"

Mkuluyo sanataye nthawi ndi funso limenelo. Anagwira dzanja la mwana wakeyo ndi mphamvu yodabwitsa, n'kulikokera m'mwamba, kuseri kwa thanki ya mafuta, komwe munthu sangaone pokhapokha atagona pomwepo. Kumeneko kunkadutsa kapaipi kachitsulo kowonda ngati pensulo. Zala za Liwiro zinakhudza dzimbiri lofumbutuka, ndipo zinabwerako zonyowa, zoterera.

"Bule," anatero mkuluyo. Anakoka mpweya, milomo ikulimbana. "Bule… k… k…"

Anamenya chitsulo ndi chibakera, n'kuloza kutsogolo, phazi lamanzere likuponda m'malere.

"Mayi," anaitana Liwiro, "lowani m'galimoto. Pondani chopondera chapakati. Pondani ndi mphamvu zonse, ngati mwana wakudutsirani kutsogolo."

Mkaziyo analowa, anaponda. Kunsi kunamveka kaphokoso kakang'ono, kuti thu! Kapaipi kaja kanang'ambika, mafuta n'kuwaza Liwiro kumaso ndi m'khosi.

"Chalowa chonse!" anakuwa mkaziyo. "Chafika pansi, sichikubwerera!"

Liwiro anakhala chigonere, mafuta akumudonthera patsaya. M'maso mwake munabwera chitunda cha ku mgodi, kutsetsereka kwake, kona ya pamwamba pa mlatho, ndi miyala ya mumtsinje. Miyezi isanu ndi iwiri anaganizira za kuthamanga kokha. Za kuima sanaziganizepo ngakhale tsiku limodzi. Bambo ake, atakhala pakhonde, ankaona kadontho pafumbi nthawi iliyonse pikapu ikasuntha, ndipo makaniko wa zaka makumi anayi safunsa kuti kadontho ka pafupi ndi tayala n'ka chiyani.

"Buleki," anatero Liwiro. "Mumati buleki."

Mkuluyo anatseka maso, n'kupumira m'mwamba ngati munthu wotula katundu. Misozi inatsikira m'makutu. Mkazi uja, atagwada pambali pa tayala, anagwira pakamwa.

"Ine n'kumawapatsa buledi! Masiku onsewa, Mulungu wanga, munthu akukuwa kuti mwana wanga afa, ine n'kumasintha sitolo!"

Anawatulutsa awiriwiri, kuwasambitsa, kuwakhazika pampando. Liwiro sanasinthe n'komwe malaya. Ananyamuka wapansi kupita kumsika wa zitsulo, ndipo njira yonse manyazi ankamuyabwa thupi lonse.

Anamupeza mlamu atawerama pa felemu ya windo, moto ukuthetheka. Mlamuyo anakweza magalasi, anaona mafuta pamalaya, n'kuzimitsa makina.

"Alamu," anayamba Liwiro. "Ndawapeza bambo kunsi kwa galimoto."

"Ali bwino?"

"Ali bwino. Paipi ya buleki yaphulika pabwalo. Ikanaphulika mawa potsika."

Mlamu anakhala pansi pa chitini. "Buleki! Ndiye bule uja… Ha! Inetu sindinadziwe. Ine ndimangotsegula boneti basi. Mukachoka amandikodola, kuloza galimoto. Ndimati mkuluyu wasowa fungo la injini, ndimulekerenji. Ndimawagwira mkono mpaka pamenepo, kuwatsegulira, ine n'kubwerera ku ntchito yanga. Za waya ndinaziona Lamlungu limodzi ndi inu, ndipo ndinaganiza kuti ndi nsanje ya mwini galimoto, safuna muiwononge."

"Bwanji osandiuza?"

"Kuti muziwatsekera kuchipinda tsiku lonse? Munthu amene watsala ndi khonde lokha? Ndinati bola ine, ndili ndi miyendo, ndikhoza kupita."

Liwiro anayang'ana pansi, pa nsapato zatsopano zija, zomwe tsopano zinali ndi timabowo ta moto wowotcherera. "Ndakulakwirani, alamu. Tiyeni kunyumba."

Mlamu anatola ndodo yowotcherera n'kumaitembenuza m'manja. Sanali wokwiya, koma nthabwala zake zonse zinali zitathawa.

"Mapaipi ndibwera ndidzaike, onse anayi, chifukwa cha mkulu uja ndi mlongo wanga. Koma chikwama chikhala kuno. Dzulo mayi wina wabweza oda ya zitseko, akuti wamva kuti ndine njoka. Mawu aja simunanenere kuchipinda, alamu. Munanenera pageti, anthu ali chilili. Ngati mukufuna kuwameza, mukawamezere pomwepo."

Loweruka linacha bwino. Nthawi ya m'ma teni, galimoto ya Watayi inaima pageti ikuliza hutala, kumbuyo kwake minibasi yodzaza anzawo a kuntchito obwera kudzaonerera. Anthu oyandikana nawo anatuluka. Anapeza pikapu yofiira ili pa miyala, matayala onse anayi atachotsedwa, mlamu ali kunsi, mkulu atamuikira mpando pambali penipeni, ndodo ikuloza apa ndi apo.

"Aa! Khola mwalikweza pa nsanamira?" Watayi anaseka mpaka tayi kugwedezeka. "Nkhandwe zavuta eti? Liwiro, tiyankhe, ukubwera kapena wachita mantha?"

Liwiro anayenda mpaka pageti, n'kulitsegula mbali zonse ziwiri. Mkazi wake anali pakhomo la nyumba, makina osokera atamangidwa kale m'nsalu pambali pake. Liwiro anaima pomwe anaima Lachitatu paja.

"Sindibwera," anatero mokweza. "Mwapambana, akulu, kauzeni aliyense. Koma poti mwasonkhana, imvani izi. Lachitatu ndinaima pano n'kutchula alamu angawa njoka. Ndinanama. Munthuyu anasenza mlandu wosakhala wake kuti ateteze bambo anga, pomwe bambo angawo amateteza ine. Chitsiru pakhomo pano chinali chimodzi, ndipo ndi chimene chikulankhulachi."

M'minibasi wina anaimba mluzu, ena anaseka. Watayi ananena zina za amuna olankhula ngati ali mu tchalitchi, n'kuliza injini yake mwamatama pochoka. Zinamuwawa Liwiro, osanama, zinamuwawa mpaka m'mafupa, ndipo ankadziwa kuti Lolemba pamakina a penti padzakhala povuta. Anthu oyandikana nawo sanaseke. Mayi wina wa nyumba yoyang'anana nayo anagwedeza mutu n'kubwerera m'nyumba mwake.

Kunsi kwa pikapu kunatuluka dzanja lamanzere lakuda ndi mafuta.

"Alamu, mukamaliza ulalikiwo mundipatsire sipanala ya teni. Ndipo madzulo mukabwereke wilibala, chikwama chija n'cholemera."

Mkazi uja anawerama n'kuyamba kumasula mfundo ya nsalu ya pamakina. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tiyi wa anthu anayi ndi mbale ya buledi. Pofika pa apongozi ake anazengereza, mbale ili m'manja.

Mkuluyo anayang'ana mapaipi atsopano onyezimira kunsi kwa galimoto yake, anayang'ananso mbaleyo.

"Bule," anatero.

Mlamu anasuzumira kuchokera kunsi kwa pikapu, onse atatu n'kuyang'anana. Liwiro anagwada pambali pa mpando.

"Uti, bambo? Wa galimoto, kapena wa m'mbale?"

Mbali yamoyo ya pakamwa pa mkuluyo inakwera pang'ono. Anatambasula dzanja lamanzere, anatenga chidutswa, n'kuchiviika mu tiyi. Nkhuku zinadikira pansi pa mpando mpaka zinatopa.